CINYANJA CA M'BUKU NDI CINENERO CA ANA: ZIMENE WOPHUNZIRA WA PA YUNIVESITE AMAKUMANA NAZO POYESERERA UPHUNZITSI

1.0 Mau Oyamba

Wophunzira wa pa yunivesite amene akukonzekera nchito ya uphunzitsi amatumizidwa ku sukulu kwa kanthawi kuti akaphunzitse ana enieni asanalandire digiri yake. Nthawi imeneyi, imene ophunzira eni ake amaichula mwacidule kuti TP, ndi yaifupi, pakuti kawiri-kawiri siipitirira temu imodzi. M'kati mwake woyang'anira wocokera ku yunivesite amafika kudzaonerera phunziro ndi kupereka malikisi.

Colinga ca pepala lino ndi kufotokoza vuto limodzi limene limagwera makamaka wophunzira amene wapatsidwa phunziro la Cinyanja. Vutoli ndi lakuti Cinyanja cimene ayenera kuphunzitsa cimasiyana ndi cinenero cimene ana ambiri amabwera naco m'kalasi. Mfundo yathu ndi yakuti luso lalikulu limene wophunzirayo ayenera kubwera nalo kucokera ku sukuluko ndi kudziwa kusiyanitsa colakwa ceniceni ndi kalankhulidwe ka kwao kwa mwana, popeza kaphunzitsidwe kake konse kamtsogolo kadzatsamira pa luso limeneli.

2.0 Ciyambi ca Vutoli

Dziko la Zambia litalandira ufulu mu 1964, boma linasankha Cingelezi kukhala cinenero cophunzitsiramo kuyambira Giredi 1, ndipo lamulo la maphunziro la 1966 linakhazikitsa zimenezi. Zinenero zisanu ndi ziwiri, zimene ndi Cibemba, Cinyanja, Citonga, Silozi, Kiikaonde, Lunda ndi Luvale, zinatsala monga maphunziro a pa ndandanda, ciliconse ndi madera ake. Cinyanja cinapatsidwa cigawo ca Kum'mawa ndi ca Lusaka. Mu 1977 Unduna wa Maphunziro unavomereza kalembedwe ka zinenero zimenezi, ndipo ndiko kalembedwe kamene tikugwiritsa nchito m'pepala lino.

Kafukufuku wa Eddie Williams, amene anafalitsidwa mu 1996, anayerekeza ana a caka cacisanu ca pulaimale m'Malawi ndi m'Zambia. Anapeza kuti ana a ku Malawi, amene anali kuphunzira m'Cicewa zaka zinai zoyamba, anali kuwerenga cinenero cao bwino kwambiri kuposa ana a ku Zambia, pamene pa Cingelezi panalibe kusiyana kwakukulu. M'caka comweco cikalata ca boma cochedwa Educating Our Future cinavomereza kuti mwana ayambe kuwerenga m'cinenero ca kuno. Dongosolo la maphunziro la 2013 linapitirira pamenepo polamula kuti maphunziro onse a Giredi 1 kufikira 4 aziperekedwa m'zinenero zimenezi, koma dongosolo la 2023, limene linayamba kugwira nchito mu 2025, linabwezera Cingelezi pa malo ake akale ndi kulola mphunzitsi kumasulira mfundo m'cinenero ca kuno.

Pa kusintha konseku pali cinthu cimodzi cimene sicinasinthe. Cinyanja ca m'mabuku a sukulu ndi ca m'mayeso cimatsamira pa Cicewa, monga cimalankhulidwa ku Katete ndi ku Chadiza. Koma cigawo ca Kum'mawa cili ndi Ansenga ku Petauke ndi ku Nyimba, Atumbuka ku Lundazi, Akunda ku Mambwe, ndi Angoni a ku Chipata amene kalankhulidwe kao kali pafupi ndi Cinsenga. Ku Chongwe kuli Asoli, ndipo mu mzinda wa Lusaka muli Cinyanja ca m'tauni. Geoffrey Tambulukani ndi Adriana Bus anaonetsa mu 2012 kuti mwana amene sadziwa bwino cinenero cimene sukulu ikumphunzitsiramo kuwerenga amatsalira m'mbuyo, ngakhale cinenerocho cikhale ca m'Zambia momwemo.

3.0 Zinenero Zitatu M'kalasi Limodzi

Wophunzira wathu akaima kutsogolo kwa bolodi amakhala pakati pa zinenero zitatu. Coyamba ndi Cingelezi, cimene anaphunziriramo sayansi ya zinenero, popeza m'kalasi la pa yunivesite mumakhala olankhula zinenero zosiyana-siyana. Motero akhoza kulongosola magulu a maina a zinenero za Cibantu momveka m'Cingelezi, koma n'kusowa cocita akafuna kuchula mneni, mlowam'malo, mfotokozi kapena mgwirizanitsi pamaso pa ana. Caciwiri ndi Cinyanja ca m'buku, cimene mwina iye mwini sanakulire naco. Cacitatu ndi cinenero ca ana. Tiyeni tiyerekeze ziganizo izi, pamene (a) ndi Cinyanja ca m'buku ndipo (b) ndi ca m'tauni ya Lusaka:

(1) a. Ana afuna zinthu zambiri.
b. Bana bafuna vintu vambili.

(2) a. Ndidzapita mawa.
b. Nizayenda mailo.

(3) a. Sindidziwa dzina lake.
b. Siniziba zina yake.

Woyang'ana mwacangu anganene kuti ziganizo za (b) ndi Cinyanja coonongeka. Koma woyang'anitsitsa adzaona kuti zili ndi malamulo ake. Mphatikiram'mbuyo a- wa gulu la anthu ambiri ndi ba-, ndipo zi- ndi vi-, ndiponso agwirizanitsi amatsatira mokhulupirika: bana ba-funa, vintu va-mbili. Mlowam'malo ndi- ndi ni-. Kumene buku lili ndi dz ndi ts, m'tauni muli z ndi s, monga zina m'malo mwa dzina ndi siku m'malo mwa tsiku. Mpweya umene umamveka mu zinthu ndi munthu sumveka mu vintu ndi muntu. Liu lakuti mailo limaimira dzulo ndi mawa womwe, ndipo nthawi ya mneni ndiyo imasonyeza tsiku limene likunenedwa. Mwana wolankhula motere sakuphonya malamulo. Akutsata malamulo ena amene anawadziwa asanaponde pa sukulu.

Cimodzimodzinso pa nkhani ya ulemu. Mwana wa ku Lusaka akanena kuti "ba ticha" wapereka ulemu wofanana ndi wa mwana wa ku Katete wonena kuti "aphunzitsi". Wophunzira amene sadziwa zimenezi akhoza kudzudzula mwana waulemu, ndi kutaya cikhulupiriro ca kalasi lonse pa sabata yoyamba.

4.0 Mitundu Itatu ya Zimene Zimachedwa Zolakwa

Vutoli limaonekera poyera pa nthawi yoconga makope. Wophunzira wosazolowera amadula ndi inki yofiira liu lililonse losiyana ndi la m'buku, ndipo tsamba likatha limakhala lofiira lokha-lokha. Komabe zimene wadulazo ndi za mitundu itatu, ndipo uliwonse uli ndi mankhwala ake.

4.1 Zocokera ku cinenero ca kwao

Mwana wolemba manzi m'malo mwa madzi, kapena manje m'malo mwa tsopano, walemba molondola cimene amalankhula. Makutu ake ndi dzanja lake zikugwirizana, ndipo cimeneci ndi cizindikiro cakuti wadziwa kulemba. Cimene akusowa ndi liu la m'buku cabe. Mankhwala ake ndi kuyerekeza: mphunzitsi agawe bolodi pawiri, mbali ina alembe mmene ana amanenera, mbali ina mmene buku limanenera, ndipo ana apeze okha lamulo lolumikiza mbali ziwirizo. Mwana akazindikira kuti vi- wake ndi zi- wa m'buku, wakonza maina ambiri nthawi imodzi pamodzi ndi agwirizanitsi ake.

4.2 Zocokera ku kalembedwe

Mtundu waciwiri umabwera cifukwa ca kusakanizika kwa malamulo a kalembedwe. Mwana amene anazolowera Cingelezi amawerenga ph monga f, motero phala limasanduka fala. Amalembanso ch paliponse pamene kalembedwe ka 1977 kafuna c. Mabuku a ku Malawi, kumene cinenerochi cakhala cikuchedwa Chichewa kuyambira 1968, amaonjezera cisokonezo, pakuti kumeneko amalemba chifukwa, ntchito ndi kutchula pamene kuno timalemba cifukwa, nchito ndi kuchula. Mwana wolemba motero sanalakwe cinenero. Watsata lamulo la kwina. Apa mphunzitsi ayenera kuphunzitsa lamulo mwacindunji, ndi kusonyeza kuti lembo h m'Cinyanja limaimira mpweya umene umasintha tanthauzo, monga tikuonera apa:

(4) a. pala, phala
b. kola, khola

Mwana amene cinenero cake cilibe kusiyana kumeneku, monga wolankhula Cibemba, ayenera kuyamba wakumva ndi makutu asanauzidwe kuti akulembe.

4.3 Zolakwa zenizeni

Mtundu wacitatu ndi wa mwana amene amasiya malembo a liu, amatembenuza maphatikizo, kapena amalemba ciganizo cimene sicimveka m'Cinyanja ca m'buku ngakhale m'cinenero ca kwao. Uyu ndiye ali pa ngozi, popeza sanagwire ubale wa lembo ndi mamvekedwe ake, ndipo afunika thandizo lapadera. Coopsa ca inki yofiira yosasankha ndi cakuti imabisa mwana ameneyu pakati pa anzake, cifukwa makope onse amaoneka ofiira mofanana. Wodziwa kulemba amagwa mphwayi poganiza kuti sadziwa kanthu, ndipo wosadziwa amapitirira ku kalasi lotsatira osathandizidwa.

Tisamveke ngati tikunena kuti Cinyanja ca m'buku cisiyidwe. Mayeso a Examinations Council of Zambia amafunsa cimeneco, ndipo mabuku a nthano, miyambi ndi mbiri analembedwa m'cimeneco. Mwana amene sanaciphunzire wamanidwa cuma cimeneci. Nkhani ili pa njira yomufikitsira kumeneko.

5.0 Kugwiritsa Nchito Bwino Nthawi Yaifupi

Akuluakulu anati mlendo ndi mame, ndipo wophunzira woyeserera uphunzitsi ndi mlendo ndithu. Sangasinthe silabasi kapena mabuku, ndiponso kalasi limene wapatsidwa lili ndi mwini wake amene adzalitenganso iye akacoka. Pa cifukwa cimeneci zimene tikupempha ndi zocepa, ndipo sizifuna ndalama.

Coyamba, asanapite ku sukulu, pa nthawi imene ophunzira amaphunzitsana okha-okha pa yunivesite, wophunzira wa Cinyanja aphunzitse m'Cinyanja, ndipo cikonzero ca phunziro acilembe m'Cinyanja momwemo. Kumasulira m'mutu cikonzero ca Cingelezi ali ciimire pamaso pa ana ndiko kumabala phunziro lodukiza-dukiza.

Caciwiri, masiku oyamba, amene kawiri-kawiri amakhala oonerera mphunzitsi wa kalasi, akhalenso masiku ochera khutu. Wophunzira afunse mwana aliyense cinenero cimene amalankhula kunyumba ndi cimene amalankhula posewera, amvetsere pa nthawi yopuma, ndipo alembe ndandanda ya mau a ana osiyana ndi a m'buku. Umenewu ndi kafukufuku weniweni wa zinenero, ngakhale ndi wamng'ono, ndipo ndiwo umalumikiza zimene anamva m'kalasi la pa yunivesite ndi nchito imene wadzera.

Cacitatu, poconga agwiritse nchito zizindikiro zitatu zosiyana molingana ndi mitundu itatu ija, ndipo ayambe wagwirizana ndi mphunzitsi wa kalasi kuti ana asasokonezeke. Pocoka asiyire mphunzitsiyo maina a ana a mtundu wacitatu.

Cacinai cikukhudza oyang'anira. Wophunzira amakonzekera cimene adzapatsidwirapo malikisi. Ngati woyang'anira ayang'ana kavalidwe, kalembedwe ka pa bolodi ndi kasungidwe ka nthawi kokha, wophunzira adzakonza phunziro la cionetsero, lofunsa ana ocepa odziwa Cinyanja ca m'buku ndi kusiya ena onse ali cete. Woyang'anira aone makope amene wophunzirayo waconga, aone ndandanda ya mau ija, ndipo acheretse khutu pa cimene cimacitika mwana akayankha moona koma m'cinenero ca kwao. Kodi yankho limalandiridwa ndi kuperekezedwa ku liu la m'buku, kapena limakanidwa anzake n'kuseka? Ndi cofunikanso kuti woonerera phunziro la Cinyanja akhale wodziwa Cinyanja, pakuti wosacidziwa adzaona manja a ana ali m'mwamba koma sadzamva cimene canenedwa.

6.0 Mau Otsiriza

Taona kuti kusiyana kwa Cinyanja ca m'buku ndi cinenero ca ana kuli ndi ciyambi cake m'kagawidwe ka zinenero za sukulu, kuti kuli ndi malamulo odziwika, ndiponso kuti zimene zimachedwa zolakwa ndi za mitundu itatu yofuna mankhwala osiyana. Kuyeserera uphunzitsi ndiyo nthawi yoyamba imene wophunzira amakumana ndi zimenezi ali ndi choko m'manja, ndipo cizolowezi cimene adzatola pamenepo, cabwino kapena coipa, adzapita naco ku makalasi onse amene adzaphunzitsa. Tikupempha madipatimenti a zinenero kuti azisonkhanitsa ndandanda za mau zimene ophunzira amabwera nazo kucokera ku Lusaka, Petauke, Lundazi ndi madera ena, popeza m'kupita kwa zaka zidzakhala maziko a buku loyerekeza zinenerozi limene mphunzitsi wa Cinyanja angalitsegule pokonza phunziro lake.