Kuumira kwa eni wailesi yakanema ndiko kunabala Game of Thrones

Ambiri amamudziwa George R. R. Martin ngati mwini nthano ya mafumu olimbirana mpando. Koma mkuluyu, yemwe anabadwira ku Bayonne, m'chigawo cha New Jersey, mu 1948, anayamba ndi nkhani zopeka za sayansi, zija zokamba za maiko a mumlengalenga ndi zolengedwa zachilendo. Nkhani yake ya A Song for Lya inapata mphoto ya Hugo mu 1975, ndipo buku lake la Dying of the Light linatuluka mu 1977. Kenako anakhala zaka pafupifupi khumi akulemba masewero a pa wailesi yakanema ku Hollywood. Ena amati zaka zimenezo zinapita pachabe, koma umboni ukusonyeza kuti ndizo zinamuumba.

Ku Hollywood inamupititsa ndi njala. Buku lake la 1983, The Armageddon Rag, silinayende malonda, ndipo osindikiza mabuku anayamba kumuzemba. Philip DeGuere, yemwe analikonda bukulo, ndiye anamulemba ntchito m'gulu la olemba The Twilight Zone pa CBS, ndipo mu 1987 Martin anasamukira ku sewero la Beauty and the Beast. Ku Hollywood kumeneko anaphunzira kuti chilichonse chimene wolemba waika papepala chili ndi mtengo. M'buku, asilikali zikwizikwi amangodya inki. Pa kanema aliyense amafuna malipiro, chovala ndi nkhomaliro. Pojambula gawo la The Twilight Zone lotchedwa The Last Defender of Camelot, mabwana anamuuza kuti asankhe pakati pa akavalo ndi miyala ya Stonehenge, chifukwa thumba silikanakwanitsa zonse ziwiri. Sewero lake la Doorways linathera pa gawo loyeserera lokha.

Kupanikizidwa kotereku kunamusiyira zinthu ziwiri. Choyamba ndi luso. Sewero la pa wailesi yakanema ku America limadukizidwa ndi otsatsa malonda, choncho wolemba amayenera kudula nkhani pamene mtima wa woonera uli m'mwamba kuti asasinthe siteshoni. Mitu ya m'buku loyamba la nthano ya mafumu ija, A Game of Thrones, lomwe analiyamba mu 1991 n'kutuluka mu 1996, imatha chimodzimodzi: mutu uliwonse umatsata munthu mmodzi, n'kumusiya pamavuto. Chachiwiri ndi kutopa ndi mawu oti chepetsa. Atabwerera ku mabuku, anadzaza nkhani yake ndi anthu mazanamazana, nkhondo zikuluzikulu ndi khoma la madzi oundana lotalika mamita oposa 200, poti panalibenso womuwerengera ndalama.

Wotsutsa anganene kuti wailesi yakanema yomweyo ndiyo inamuwononga. Sewero la Game of Thrones la pa HBO, lochokera m'mabuku akewa, linayamba mu 2011 n'kutha mu 2019, pamene buku lachisanu, A Dance with Dragons, linatuluka mu 2011 ndipo lachisanu ndi chimodzi linalephera kulipeza sewerolo. N'zoona kuti kutchuka kunamuchulukitsira maulendo ndi ntchito. Komabe kuchedwa kunayamba kale: buku lachinayi linadikiritsa anthu zaka zisanu, lachisanu zaka zisanu ndi chimodzi, HBO isanakolere moto. Ndipo atalemba gawo limodzi pachaka m'zaka zinayi zoyamba za sewerolo, anasiya kuti aone za buku, koma bukulo silinafulumire.

Vuto lili pa ufulu umene anaulakalaka uja. Ku Hollywood kunali tsiku lomalizira ntchito, mphindi zowerengeka ndi munthu wokana. M'mabuku anachotsa zonsezi, ndipo nkhani inaphuka nthambi zovuta kuzisonkhanitsa. Malire amene ankamuwawa ndi omwe ankamuthandiza kutsiriza ntchito, ndipo wolemba aliyense amene amadandaula ndi mkonzi woumira aziganizire bwino zimenezi.