Wi-Fi ikasowa pa laputopu, musafulumire kunena kuti yapsa

Malaputopu ambiri amene amafika patebulo la wokonza makompyuta kuno ku Nangongwe, m'tauni ya Kafue, anagwirapo kale ntchito m'maofesi a kunja. Ndi ma HP EliteBook, ma Dell Latitude ndi ma Lenovo ThinkPad ogulidwa m'masitolo a ku Lusaka, makilomita pafupifupi 45 kuchokera ku Kafue. Ndi makina olimba ndithu. Koma akayamba kuchedwa, mwini wake amapita nawo kwa mnyamata wina amene amawafomata n'kuikamo Windows watsopano, ndipo pofika madzulo kachizindikiro ka Wi-Fi kamakhala katasowa pakona ya sikirini.

"Abwana, Wi-Fi yapsa," amatero mphunzitsi kapena mwana wa sukulu, laputopu ili m'khwapa. Ena amaloza chala kuzimazima kwa magetsi, makamaka kuyambira 2024 pamene madzi anachepa ku Kariba. Ine amene ndimatsegula makinawa ndinganene kuti khadi la Wi-Fi lopsa ndimalipeza mwa apo ndi apo. Chimene chimasowa nthawi zambiri ndi driver.

M'kati mwa laputopu muli kakhadi kakang'ono kolumikizidwa ku timawaya ta eriyo topita kuseri kwa sikirini. Sikapangidwa ndi HP kapena Dell ayi. Kamachokera ku makampani ena monga Intel, Realtek, Broadcom, Qualcomm Atheros kapena MediaTek, ndipo malaputopu awiri a dzina limodzi akhoza kukhala ndi makhadi osiyana. Windows sangalankhule ndi kakhadiko payekha. Pamafunika kapulogalamu koimirira pakati, monga womasulira kukhoti la majisitireti amene amathandiza woweruza kumva mboni ya Chitonga. Kapulogalamu kameneko ndiye driver. Kufomata kumakafufuta, ndipo ngati Windows watsopanoyo sanabwere ndi driver ya khadi limenelo, khadi limangokhala duu, lili lamoyo.

Tisanafike kutali, wokonza wabwino amayamba waona ngati makinawo sali pa Airplane mode, ngati batani la Fn silinazimitse Wi-Fi, ndiponso ngati kaswitchi ka m'mbali, kamene ma Latitude ndi ma ThinkPad akale ali nako, sikanakankhidwe m'chikwama.

Zikakhala kuti zonsezi zili bwino, amatsegula Device Manager. Khadi lokhala ndi driver limaoneka ndi dzina lake pansi pa Network adapters. Lopanda driver limapezeka pa Other devices, litalembedwa Network Controller, pambali pake pali kachizindikiro kachikasu. Apa ndi pamene pali chinsinsi chimene ambiri amachilipirira ndalama, chonsecho n'chapoyera. Khadi lililonse limanena lokha amene analipanga. Munthu akadina Properties, kenako Details, n'kusankha Hardware Ids, amaona mzere woyamba ndi PCI\VEN_. Manambala kapena malemba anayi otsatirawo ndi a kampani: 8086 ndi Intel, 10EC ndi Realtek, 14E4 ndi Broadcom, 168C ndi Atheros. Anayi ena otsatira DEV_ amatchula mtundu wa khadilo. Amene walemba manambalawa papepala sakufunikanso kulota kapena kuyesa ma driver khumi.

Vuto lotsala n'lakuti driver ili pa intaneti, pamene laputopuyo ilibe intaneti. Yankho lili m'thumba. Foni ya Android yolumikizidwa ndi chingwe chonyamula deta, USB tethering itayatsidwa, imapatsa laputopu netiweki ya MTN, Airtel kapena Zamtel popanda Wi-Fi, chifukwa Windows 10 ndi 11 amabwera kale ndi driver ya kulumikiza kotereku. Zingwe zina zotsika mtengo n'zongochajira, choncho foni ikapanda kuoneka, yesani chingwe china. Koma chenjezo langa nali: Windows watsopano akangonunkhiza intaneti amayamba kukoka zinthu zambirimbiri, ndipo bandulo ya mlungu wonse ikhoza kutha tiyi asanazizire. Yatsani Metered connection, kapena chabwino koposa, dawunilodani driver pafoni pomwepo kuchokera patsamba la kampani ya laputopuyo, kenako muisamutsire ku kompyuta ndi chingwe. Pa Dell mumalemba Service Tag yomwe ili kunsi kwa makinawo, pa HP ndi Lenovo mumalemba serial number, ndipo tsambalo limakuonetsani ma driver a makina amenewo.

Nanga driver imene ikugwira ntchito, kodi iyenera kusinthidwa? Pali nthawi yake. Makhadi a Intel monga Wireless-AC 7260, 7265 ndi 8260, amene ali m'malaputopu ambiri akalewa, akakhala ndi driver yakale satha kuona rauta ya Wi-Fi 6. Mafoni onse m'nyumba amalumikizika, laputopu yokha imakhala ngati rautayo kulibe. A Intel eni ake anavomereza zimenezi ndipo driver yatsopano imathetsa vutolo. Pamene ma rauta atsopano akuchuluka, makamaka chibwerere Starlink m'Zambia mu 2023, nkhaniyi tizikumana nayo kawirikawiri.

Palinso matenda ofanana ndi amenewa amene driver singachize. Khadi lopangidwa kuti lizimva 2.4 GHz yokha silidzaona netiweki ya 5 GHz ngakhale mutasintha driver kakhumi. Pamenepo mumayatsa 2.4 GHz pa rauta kapena pa hotspot ya foni, basi.

Nthawi zina driver yatsopano ndiyo imabweretsa mavuto, intaneti n'kumaduka mphindi zilizonse. Mu Device Manager momwemo, pa Driver, pali batani la Roll Back Driver lobwezeretsa yakale ija. Chimene sindigwirizana nacho m'pang'ono pomwe ndi mapulogalamu olonjeza kukonza ma driver onse kamodzi. Ambiri amabwera ndi zotsatsa malonda, ena amaika driver yolakwika, ndipo ochokera kumasamba osadziwika amatha kulowetsa mavairasi. Driver imagwira ntchito pakatikati penipeni pa Windows, moti yoipa ikalowa imatha kugwetsa makina onse.

Ukalamba wa Windows nawo ukutipanikiza. Microsoft inasiya kusamalira Windows 7 pa 14 January 2020, ndipo Windows 10 anafika pamapeto pa 14 October 2025. Makompyuta ambiri m'manyumba ndi m'masukulu, kumene ana akhala akulemba mayeso a Computer Studies kuyambira 2015, sakwanitsa zofunika za Windows 11. Ma driver a makina oterewa adzayamba kusowa pang'onopang'ono pamasamba a makampani, ndiye amene ali nawo awasunge.

Apa ndikulankhula ndi anzanga a ntchitoyi, chifukwa zimandipweteka kuona mayi wogulitsa pamsika akulipira kawiri, koyamba pofomata, kachiwiri pobwezeretsa Wi-Fi imene inalipo kale. Musanafomate, pangani foda pa fulashi, tsegulani Command Prompt ngati administrator, mulembe pnputil /export-driver * kenako njira ya fodayo. Ma driver amakoperedwa m'mphindi zochepa. Mukamaliza kuika Windows, dinani Update driver, sankhani Browse my computer, muloze fodayo. Simudya bandulo ya munthu ngakhale pang'ono.

Khadi likakhala kuti lafadi, losaoneka paliponse mu Device Manager ngakhale mutalichotsa n'kulibwezeretsa pamalo pake, kachipangizo ka Wi-Fi ka USB kamagwira ntchito bwino. Nako kamafuna driver, ndipo tina timabwera ndi CD pamene malaputopu ambiri alibenso polowetsa CD. Pitani ndi laputopu kusitolo, wogulitsayo akalowetse, mulumikize ku hotspot ya foni yanu, tsamba litseguke, kenako mupereke ndalama.