Mtengo wa Nyumba ndi Mtunda wa ku Mjigo

Kodi n'chifukwa chiyani nyumba ziwiri zofanana pa Namitete kapena pa Nsaru zimasiyana lendi? Kawirikawiri nkhani imagona pa madzi. Wofuna nyumba amayamba wawerengera mtunda umene mayi adzayenda atasenza ndowa, ndipo yoyandikana ndi mjigo amalolera kuilipira zambiri. Akatswiri a zachuma amayerekeza mitengo yotereyi pofuna kudziwa mmene mabanja amaonera kufunika kwa madzi.

Muyezo wa boma ndi wakuti mjigo umodzi utumikire anthu 250, ndipo mtunda usapitirire mamita 500. Tsono pamene pakumbidwa mjigo, malo oyandikira amakwera mtengo. N'chifukwa chake tikunena kuti malo okumbapo asasankhidwe ndi amfumu ndi anthu achuma okha. Amayi otunga madzi alankhulepo pamsonkhano wa mudzi, makina okumbira asanafike.