KOMISHONI IMENE INAKUMBUKIRA AMAI AMASIYE NDI ANA AO

Palibe munthu wamkulu kuno ku cigawo ca Kum'mawa amene sanaonepo zotere. Bambo wamwalira. Anthu agona pa siwa masiku awiri kapena atatu, mtembo waikidwa, adzukulu asamba m'manja nabwerera kumudzi. Amai ofedwa ali cikhalire pamphasa, mau atasasa ndi kulira. Koma kuseri kwa nkhokwe acibale a malemu ayamba kale kunong'onezana. Wina afunsa kumene kuli makiyi a nyumba, wina awerenga ng'ombe m'khola. Pofika tsiku lakumeta njinga yapita, wailesi yapita, ngolo ndi khasu la ng'ombe zili pa ulendo, ndipo nthawi zina ngakhale malata a padenga azulidwa. Mai uja abwerera kwao ndi ana asanu, mphika umodzi ndi citenje cimene wabvala.

Khalidwe lotere la kulanda katundu wa amasiye ndilo linacititsa Boma kupatsa nchito bungwe lake loona za malamulo, lochedwa Law Development Commission, kuti lifufuze bwino nkhaniyi ndi kupeza mankhwala ake. Ambiri a ife kumidzi sitinaionepo Komishoni imeneyi, pakuti maofesi ake ali ku Lusaka ndipo siweruza milandu. Komabe nchito imene inagwira imalowa m'nyumba iliyonse imene mwagwa maliro.

Ena amati kulanda katundu ndi mwambo wa makolo. Mau amenewa ayenera kuyesedwa bwino. Pakati pa Acewa ndi Ansenga mwana ndi wa kucikazi. Mwamuna anali kupita ku cikamwini, kumanga nyumba ndi kulima munda pamudzi wa mkazi wake. Akamwalira, acibale ake anali kutenga nkhwangwa, uta, mikondo ndi zobvala zake, ndipo wolowa m'malo mwake anali mbale wake kapena mwana wa mlongo wake. Mkazi wamasiye sanali kusowa pogwira ai. Munda unali wa mtundu wake, nkhokwe inali yake, ndipo ana anali ndi malume ao amene anali ndi udindo wa kusunga mbumba. Pakati pa Angoni a Mpezeni ndi Atumbuka zinthu zinali mwina: malowolo akaperekedwa ana anali a kucimuna, ndipo mkazi wamasiye anali kukhalabe pamudzi wa mwamuna wake, nasungidwa ndi alamu ake. Njira zonse ziwirizi zinali ndi zolakwa zake, koma m'zonse wolowa m'malo anali kusenza katundu pamodzi ndi udindo.

Zinthu zinasokonezeka pamene amuna anayamba kupita kunchito ku migodi, ku njanji ndi ku Lusaka. Cuma ca munthu sicinalinso uta ndi nkhwangwa. Cinasanduka nyumba ya njerwa m'komboni, buku la ku banki, ndalama za penshoni, makina osokera, cigayo. Zambiri mwa izi mwamuna ndi mkazi anazipeza pamodzi, wina ali kumgodi, wina ali kugulitsa zitumbuwa ndi tomato pamsika. Tsono acibale, amene mwina sanafikeko zaka khumi, anali kubwera pa basi ndi matumba opanda kanthu, natenga zonse m'dzina la mwambo, koma ana kuwasiya. Anasankha mbali yokoma ya mwambo, ya kulandira, nataya mbali yolemera ya kulera. Matenda amenewa sanakhalire m'tauni mokha. Anafikanso kumidzi pamene alimi anayamba kupeza ndalama za fodya, thonje ndi nshawa.

ZAKA ZA KUFUFUZA

Komishoni inayamba kusanthula nkhani ya cuma ca masiye m'zaka za m'ma 1970. Nchito yake sinali yapafupi, cifukwa dziko lathu lili ndi mitundu yoposa 70, ina yotsata kucikazi, ina kucimuna. Lamulo lokomera Angoni likanaoneka lacilendo kwa Acewa, ndipo lokomera Acewa likanakhumudwitsa Angoni. M'caka ca 1982 Komishoni inatulutsa lipoti lake la lamulo la kulowa m'cuma ca womwalira. Koma panapita zaka zina 7 lamulo lisanapangidwe. Panali anthu ambiri, ena a iwo akuluakulu ndithu, amene anaopa kuti mwambo udzafa, ndi enanso amene anali kunena poyera kuti akazi akadziwa kuti adzalandira cuma adzayamba kufulumizitsa imfa za amuna ao. Mau otere amamvekabe pa mowa mpaka lero, ngakhale kuti onena sanaonetsepo manda a munthu amene anafa cifukwa ca lamulo. Mabungwe a amai ndi a machalichi sanaleke kukankha, ndipo m'caka ca 1989, mu ulamuliro wa Dr Kenneth Kaunda, Nyumba ya Malamulo inabvomereza malamulo awiri: Intestate Succession Act, la munthu womwalira wosalemba wilo, ndi lina loona za mawilo.

Popeza ambiri a ife timafa osalemba kanthu, lamulo loyambalo ndilo litikhudza kwambiri. Limagawa cuma ca malemu motere: magawo 50 pa 100 apita kwa ana, magawo 20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, magawo 20 kwa makolo a malemu, ndipo magawo 10 kwa ena amene malemu anali kuwasunga. Kuti timve bwino, tiyerekeze kuti bambo wasiya ng'ombe 10 zimene anagula ndi thukuta lake. Ng'ombe 5 ndi za ana, 2 za amai, 2 za atate ndi amai ake a malemu, ndipo 1 ndi ya odalira aja, monga mwana wamasiye wa mbale amene anali kukhala panyumbapo kapena kulipiridwa sukulu.

Onani kuti m'ndandanda umenewu mulibe dzina la mcimwene, mlongo kapena malume amene ali ndi pakhomo pake nadzidyetsa yekha. Ngati mkazi, ana ndi makolo alipo, ubale wokha supatsa munthu gawo. Onaninso kuti Komishoni sinataye makolo. Nkhalamba zimene zinabala ndi kulera malemu zili ndi gawo lofanana ndi la mkazi. Apa ndipo paonekera nzeru ya anthu amene anakonza lamuloli: anafuna kuti banja la mwamuna lisamve kuti lathamangitsidwa pa maliro a mwana wao.

Gawo la ana siligawidwa mofanana ngati nyama ya pa ukwati. Lamulo liti msinkhu wa mwana ndi zosowa zake za maphunziro ziyenera kuganiziridwa, kotero kuti wa mu Giredi 3 angalandire coposa mkulu wake amene ali kale pa nchito. Ana onse a malemu awerengedwa, obadwira m'banja ndi obadwira kunja komwe, ngakhalenso amene akali m'mimba. Mfundo imeneyi imawawa amai ambiri, makamaka pamene mwana wosadziwika aonekera tsiku la maliro, koma mwanayo sanasankhe kobadwira. Gawo la mwana wamng'ono limasungidwa ndi kholo lotsala kapena womulera mpaka atakula. Pa mitala, magawo 20 aja agawidwa pakati pa akazi onse molingana ndi zaka zimene aliyense wakhala pa ukwati, ndiponso ndi mmene anathandizira kupeza cumaco. Ambiri amadandaula kuti gawo limeneli licepa likagawidwa pakati pa akazi atatu, ndipo dandaulo lao lili ndi maziko.

NYUMBA NDI ZA M'NYUMBA

Pali zinthu zina zimene sizilowa konse m'kugawa kumeneku. Katundu wa m'nyumba, monga mipando, mabedi, mbale, mapoto, zobvala, makasu ndi zipangizo zing'onozing'ono zolimira, ndi wa mkazi ndi ana basi. Amene anyamula matilesi kapena mbaula pa maliro alibe lamulo kumbuyo kwake. Pa mitala, mkazi aliyense ndi ana ake asunga za pakhomo pake. Nyumba nayonso ikhala ya mkazi ndi ana. Mkazi ali ndi ufulu wa kukhalamo moyo wake wonse, ndipo ufulu umenewu utha pokhapokha akakwatiwanso, pamene nyumbayo itsala m'manja mwa ana. Zonsezi zigwiranso nchito kwa mwamuna amene mkazi wake wamwalira, pakuti abambo enanso alandidwapo ndi akucikazi, kungoti amacita manyazi kunena.

Bvuto lalikulu masiku ano lili pa munthu wochedwa adiministireta, amene banja limasankha ndi kupita naye ku khoti la Local Court kuti akalandire kalata yoyang'anira cuma ca malemu. Anthu ambiri amaganiza kuti wolandira kalatayi ndiye mwini cuma watsopano. Kumeneko ndi kulakwa kwakukulu. Adiministireta ali ngati mbusa wolembedwa ganyu: aweta ng'ombe koma si zake. Nchito yake ndi kusonkhanitsa cuma, kulipira ngongole ndi zoonongedwa pa maliro, ndi kugawa zotsala monga lamulo linenera. Saloledwa kudyapo phindu cifukwa ca udindowo, ndipo khoti lingamuitane kuti aonetse ndandanda ya katundu yense ndi mmene wamugawira. Akapezeka kuti ali kusakaza, khoti lili ndi mphamvu ya kumulanda kalata ija.

Palibe lamulo loletsa mkazi wamasiye kukhala adiministireta iye mwini, kapena kukhala pamodzi ndi m'modzi wa acibale a mwamuna. Koma kawirikawiri msonkhano wosankha ucitika tsiku lotsatira kuika maliro, mai ali m'nyumba, mutu uli pansi, ndipo mwambo sumulola kukweza mau pamaso pa apongozi. Ena amaopsezedwa kuti akalimbana ndi katundu sadzasudzulidwa, ndipo mzimu wa malemu udzawatsata. Apa ankhoswe ndi alongo a mai wofedwa ayenera kutsegula maso, pakuti iwo ndiwo pakamwa pake pa masiku amenewo. Kalata ya ukwati, ya ku chalichi kapena ya ku khoti, makadi a ana a ku sikelo ndi mapepala ogulira katundu ziyenera kusungidwa pabwino maliro asanathe.

Wolanda katundu wa amasiye kapena kuwacotsa m'nyumba apalamula mlandu, ndipo angalipitsidwe ndalama, kapena kumangidwa mpaka zaka 2, kapena zonse ziwiri. Apolisi ali ndi nthambi yochedwa Victim Support Unit, imene inayamba m'zaka za m'ma 1990, ndipo milandu yotere ndi imodzi mwa nchito zake. M'caka ca 2011 kunabweranso lamulo loletsa nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi, limene liika kukakamiza mkazi wamasiye kulowedwa cokolo, kapena kugona ndi mwamuna kuti ayeretsedwe, m'gulu la nkhanza.

Amene afuna kupewetsa banja lake mikangano angalembe wilo akali moyo. Iyenera kukhala yolembedwa, yosainidwa ndi mwini wake pamaso pa mboni ziwiri zili pamodzi, ndipo mbonizo zisakhale anthu olandirako cuma. Kulemba wilo sikuitana imfa, monga mmene kugula bulangeti sikuitana cisanu.

Tsono pali mpata umodzi waukulu umene ife a kumidzi tiyenera kuudziwa, kuti tisapite ku khoti ndi ciyembekezo cabodza. Lamulo la 1989 silikhudza malo a mwambo, ndiwo minda ndi madimba amene ali m'manja mwa mafumu. Silikhudzanso cuma ca ufumu, kapena cuma ca mtundu wonse, monga ng'ombe zimene malemu anali kungosungira banja la makolo ake. Kwa mai wa ku Lusaka nyumba ya m'komboni ndiyo moyo, ndipo lamulo limuteteza. Kwa mai wa ku Chadiza, Katete kapena Lundazi moyo ndi munda, ndipo pamenepo lamulo lili cete. Mai amene anatengedwa kupita kwao kwa mwamuna, nalima munda umodzi zaka 20, nazula zitsa ndi manja ake, angathe kupatsidwa mbale ndi mipando monga mwa lamulo koma kuuzidwa kuti mundawo ubwerera kwa eni mtundu. Mipando sidyedwa.

Komishoni ija ikalipo, ndipo kucokera m'caka ca 1996 imachedwa Zambia Law Development Commission. Nchito yake ya kusanthula malamulo okalamba ndi kulangiza Boma ikupitirira, ndipo nkhani ya malo a mwambo ndi imodzi mwa zimene mabungwe a amai akhala akudandaula nazo. Koma kufikira lamulo litasinthidwa, mlandu wa munda wa mai wamasiye uweruzidwa pansi pa mtengo, pabwalo la anyakwawa ndi la mfumu yaikulu. Mai wofedwa ayenera kufika kumeneko msanga, mvula isanagwe ndiponso wina asanagaule mundawo, ali pamodzi ndi ankhoswe a mbali zonse ziwiri ndi anansi a m'malire amene anamuona ali kulima.