INJINI IKAFA GALIMOTO SIINAFE AI, KOMA MUYANG'ANE NAMBALA

Wolemba: Kalaliki wa pa Mgodi

Ambiri a ife tiri ndi cilakolako cimodzi, ndico kubwerera kwathu tiri pa galimoto yathuyathu, ndipo popeza ndarama zathu nzocepa timagula galimoto zakale. Tsono galimoto yakale iri ngati nkhalamba, tsiku lina mtima wace umaima. Nkhani ino ndi ya zimene ndinaona ndi maso anga ku Musgrave, mu mzinda wa Durban, m'mwezi wa December caka ca 2023, pamene injini ya galimoto ya atsibweni anga inafa, ndipo panatsala pang'ono kuti ndarama zao za zaka zambiri zilowe m'madzi.

MUSGRAVE NDI GALIMOTO YA ATSIBWENI

Kwa inu amene simunafikeko, Durban ali m'mbali mwa nyanja yamcere, ndipo kumbuyo kwa tauni kuli mtunda wautali dzina lace Berea. Dzina limeneli linacokera ku mishoni imene Captain Allen Gardiner anamanga pamenepo caka ca 1835. Pa mtunda womwewo pali mseu wa Musgrave Road, umene unatenga dzina la Sir Anthony Musgrave, bwanamkubwa wa dziko la Natal m'zaka za 1872 ndi 1873. Kumeneko kuli nyumba zosanja, masitoro akuru ndi mitengo ya mthunzi, ndipo anthu a kwathu ambiri amagwirako nchito ya ukhukhi, ya m'maluwa ndi ya ulonda. Miseu yocokera ku tauni kupita kumeneko njokwera ndithu, kotero kuti galimoto yodwala siingabise matenda ace.

Atsibweni anga, amene kwao ndi ku Dedza, anakhala zaka 19 ali kusamala nyumba ina yosanja ku Musgrave. Dona wina wokalamba wa m'nyumbamo, maso ace atayamba kucita khungu, anawagulitsa galimoto yace pa mtengo wacifundo. Inali Toyota Tazz ya caka ca 2003. Galimoto za mtundu umenewu zinapangidwa ku Durban komweko, ku fakitale ya ku Prospecton, kuyambira 1996 kufikira 2006, ndipo zambiri ziri ndi injini yaing'ono ya masilinda 4 imene dzina lace ndi 2E. Amakaniko amaikonda injiniyi popeza iribe zinsinsi zambiri. Maganizo a atsibweni anali akuti apume nchito, apite nayo galimotoyo kumudzi, idziwathandiza kunyamula mbatata ndi nyemba kupita nazo ku msika.

M'MENE INJINI INAFERA

Mlandu sunali wa galimoto ai, unali wathu. Paipi ina ya madzi inali kudontha kwa masabata angapo, ndipo atsibweni m'malo mogula ina ankangothiramo madzi a pa mpopi m'mawa uli wonse. Ine nditafika kudzawacezera pa chuthi, tsiku lina Loweruka tinanyamuka kupita ku Kloof kukatenga makina osokera. Dzuwa linali kuswa mtengo. Tiri kukwera citunda ca Fields Hill, kupitirira Pinetown, ndinaona kamuvi kosonyeza kutentha kali kuyandikira pofiira.

Ndinati, "Atsibweni, taimani, galimoto yatentha."

Iwo anati, "Iwe mphwanga, tingomaliza citundaci, tikaima pamwamba."

Pamwambapo sitinafike. Nthunzi inaturuka m'boneti, injini inagogoda ngati munthu wosinja pa mtondo, kenaka zii. Tinalipira galimoto ina kuti itikoke kubwerera ku Musgrave, ndipo usiku umenewo atsibweni sanakhudze nsima.

Lolemba tinaitana makaniko wa kwathu, wa ku Mangochi, amene ali ndi kagaraja kace ku Umbilo. Atatsegula citsekero ca oilo anationetsa kuti oilo wasanduka ngati tiyi wamkaka. Anatilongosolera kuti thupi la injini imeneyi ndi la citsulo, koma mutu wace ndi wa aluminiyamu. Madzi akatha, mutuwo umapindika ndi moto, gasiketi ya pakati imapsa, madzi otsala amasakanizika ndi oilo, ndipo oilo wotere sangateteze mabering'i. Cifukwa ca mphindi zisanu zokha zimene tinakakamiza pa citunda cija, injini yonse inaonongeka.

NJIRA ZITATU

Makaniko uja anati munthu wotere ali ndi njira zitatu. Yoyamba ndiyo kukonzanso injini yomweyo: kupala mutu, kuboola masilinda, kugula mapisitoni, maring'i ndi mabering'i atsopano. Ubwino wace ngwakuti nambala ya injini siisintha, koma yathu inali itaonongeka kwambiri ndipo mtengo wace ukadaposa wa galimoto yomwe.

Yaciwiri ndiyo kugula injini yocokera ku Japan. Ku dziko limenelo Boma limayesa galimoto ikakwana zaka 3, ndipo pambuyo pace zaka 2 ziri zonse, ndipo mayesowo amadya ndarama zambiri, kotero anthu amataya galimoto zikali zolimba. Mainjini ace amabwera pa sitima za pamadzi nkutsikira pa doko la Durban. Koma makaniko anaticenjeza kuti injini ya ku Japan, ngakhale dzina likhale lofanana, nthawi zina mawaya ndi mapaipi ace amasiyana ndi a kuno, ndipo palibe angakuuzeni zoona za maulendo amene inayenda.

Yacitatu ndiyo kugula injini ya galimoto imene inacita ngozi, ku malo ogulitsa zitsulo zakale. Popeza Tazz anabadwira ku Durban, mainjini ace sasowa m'mayadi a ku Umgeni Road ndi ku Clairwood. Komabe pamenepanso pali cocenjera naco. M'mwezi wa April 2022 ku Durban kunagwa cigumula cimene cinapha anthu oposa 400 ndi kumiza galimoto zambirimbiri. Injini imene inamwa madzi amatope imaoneka bwino kunja, m'kati muli dzimbiri lokhalokha. Tinasankha njira yacitatuyi.

INJINI YOTSIKA MTENGO

Mbiri ya tsoka imayenda msanga. Laciwiri madzulo kunabwera mnyamata wina wobvala bwino, nati ali ndi injini ya Tazz imene angatigulitse pa theka la mtengo wa m'mayadi. Atsibweni anakondwa kwambiri, pakuti ndarama zimene anali nazo zinali zomwezo za ulendo ndi za malata a nyumba. Tinapita kukaiona kuseri kwa nyumba ina. Injiniyo inali yotsukidwa bwino, yonyezimira ngati mbale ya alendo.

Apa ndi pamene nchito yanga inandithandiza. Ife a ukalaliki, amene anzathu a pa mgodi amati amabalane, timadziwa kuti munthu ali yense ali ndi nambala yace, ndipo ngati nambala ya pa cikalata isiyana ndi ya m'buku ndi cilembo cimodzi cokha, munthuyo salandira malipiro ace ngakhale alumbire cotani. Injini nayonso iri ndi nambala yace yodindidwa pa thupi lace, ndipo nambala yomweyo imalembedwa m'cikalata ca galimoto ndi m'mabuku a Boma. Ndinapukuta pamalo pa nambala ndi kansaru, ndipo ndinapeza kuti panali posalala mwacilendo, ngati popalidwa ndi tupa, ndipo zilembo zinali zokhotakhota, zina zozama zina zosazama. Nditafunsa risiti, mnyamata uja anati risiti ndi za Azungu, ife abale timakhulupirirana.

Ndinawakokera pambali atsibweni ndi kunena kuti, "Atsibweni, injini iyi musagule. Nambala yace njopala."

Iwo anakwiya nati, "Iwe mphwanga, kodi nambala ndiyo imayendetsa galimoto? Ndarama zotsalazo undipatsa ndiwe?"

Ndinayankha kuti, "Pepani atsibweni, nambala siiyendetsa galimoto, koma ndiyo imaiimitsa pa cipata."

Tinabwerera kunyumba osalankhulana. Kunena zoona mtima wanga unali kuwawa, pakuti sicinthu capafupi mwana kutsutsa mwini mbumba. Koma m'mawa mwace makaniko uja atamva, anagwira pakamwa. Anati lamulo la pa mseu la dziko lino, la caka ca 1996, limaletsa kukhala ndi galimoto imene nambala ya injini yace inapalidwa kapena kusinthidwa, ndipo apolisi akaipeza amalanda galimoto yonse, mwini wace nkuyankha mlandu. Atsibweni anakhala cete nthawi yaitali, kenaka anati, "Safunsa anadya phula. Tiyeni ku mayadi."

KUSANKHA NDI KUIKA INJINI

Tinayenda mayadi anai. Lamulo la caka ca 2009 limati ali yense wogulitsa katundu wogwiritsidwa kale nchito alembetse kwa apolisi ndi kusunga buku la kumene katunduyo anacokera, cotero coyamba tinkafunsa cikalata cimeneco. Pa yadi yacinai tinapeza Tazz yophwanyika kumbuyo, injini ikali m'malo mwace. Ici ndi cabwino koposa, pakuti mukhoza kuimva ikulira musanalipire. Makaniko anayang'ana oilo ngati muli madzi, anamasula mapulagi onse anai kuona ngati ali ndi mwaye kapena dzimbiri, nayesa mphamvu ya mpweya m'silinda iri yonse ndi geji yace. Masilinda onse anai anafanana. Analiza injini, ndipo utsi sunali wobiriwira kapena woyera. Ine ndinakopera nambala m'kabuku kanga, ndipo sindinalole kuti atsibweni apereke ndarama kufikira mwini yadi atalemba nambala yomweyo pa risiti, pamodzi ndi lonjezo lakuti injini ikabvuta m'masiku 30 tidzaibweza.

Nchito yoika inatenga masiku atatu. Makaniko anaumirira kuti injini ikali pansi tigule lamba wa taimingi watsopano, pampu ya madzi, mbale ya kilachi, ndi kacitseko kaja kamene kamatsegula njira ya madzi injini ikatentha. Anati zinthu zimenezi nzosabvuta kuika injini iri panja, koma ikalowa mudzalipira nchito kawiri. Koposa zonse anasintha mapaipi onse a madzi, natumiza rediyeta kokatsukidwa, nagula citsekero cace catsopano. Mau ace anali akuti cimene cinapha injini yoyamba cikali m'galimoto momwemo, ndipo mukapanda kucicotsa cidzaphanso yaciwiri.

Za citsekero ca rediyeta musazipeputse. Ku Durban, m'mbali mwa nyanja, madzi amawira pa madigiri 100, koma ku Johannesburg, kumene kuli pamwamba mamita oposa 1,700, amawira pafupi ndi madigiri 94. Citsekero cabwino cimapanikiza madzi kuti asawire msanga, ndipo munthu wocoka ku Durban kupita kwathu ayenera kukwera mapiri a Van Reenen galimoto italemedwa ndi katundu. Ndiponso madzi a pa mpopi okha amadyetsa injini ndi dzimbiri, pafunika kusakaniza ndi mankhwala ace a m'rediyeta.

MAKALATA A BOMA

Injini italira bwino atsibweni anayesa kuti nchito yatha, koma inali isanathe. Munthu akasintha injini ayenera kudziwitsa ofesi ya malaisensi pasanapite masiku 21. Kumeneko amakupatsani cikalata copita naco kwa apolisi oyang'anira za galimoto, amene amafufuza ngati injiniyo siinabedwe. Kuyambira pa 1 September 2012, galimoto yopita kwa apolisi amenewa iyenera kuyamba yapoperedwa timadontho ting'onoting'ono tokhala ndi nambala, timene timaoneka ndi galasi lokuza zinthu. Zitatha izi nambala yatsopano imalowa m'mabuku a Boma ndipo mumalandira cikalata catsopano. Tinaima pa mizere masiku awiri athunthu. Wapolisi anawerenga nambala ndi toci, nayerekeza ndi risiti lija cilembo ndi cilembo, monga momwe ine ndimacitira pa tsiku la malipiro. Atsibweni anandiyang'ana osanena kanthu.

Wofuna kuturutsa galimoto m'dziko lino kuti ikakhale kwathu afunikanso cikalata ca SARPCCO, bungwe la akuru a apolisi a maiko a kumwera kwa Africa limene linayamba caka ca 1995, ndipo akonzekere msonkho wa ku Malawi, umene umakula galimoto ikakhala yakale. Funsani za msonkhowo musanagule injini, kuti muwerenge bwino ngati galimotoyo iri yoyenera kuitayira ndarama.

Ine ndinabwerera ku mgodi mu January. Atsibweni anayamba aiyendetsa galimotoyo miyezi itatu m'zitunda za Berea kuti aidziwe mtima wace, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha. M'mwezi wa April 2024 ananyamuka, nadzera ku Beitbridge, Harare, Nyamapanda ndi Tete, nalowa kwathu pa cipata ca Dedza. Atafika anandiimbira lamya nati, "Mphwanga, pa zipata ziwiri ananditsegulitsa boneti nawerenga nambala ija. Malata sindinagule onse ai, koma galimoto iri pakhomo."

MAU OTSIRIZA

Tsono anzanga, kamuvi ka kutentha kakayandikira pofiira imani pomwepo, ngakhale pakhale pakati pa citunda. Paipi yodontha mugule lero lomwe, pakuti mtengo wace sufika ngakhale pa malipiro a tsiku limodzi, pamene injini inadya malipiro a atsibweni a miyezi ingapo. Injini ikafa musataye mtima, pakuti ina ipezeka, koma mupite ndi makaniko wodziwa, muimve ikulira, ndipo musapereke ndarama kwa munthu wokana kulemba nambala pa risiti, ngakhale alankhule cinenero ca kwanu. Tsalani bwino nonse, ndipo amene muli pa ulendo wa kumudzi muyende bwino.