Mphunzitsi wa ndodo yoyera

Aliyense wa kuchigwa cha Shire anaonapo gogo wosaona atagwira nsonga ya ndodo, mdzukulu atagwira nsonga inayo, ali pa ulendo wa kumsika. Timangoti mwana wachifundo, osafunsa kuti bwanji sali m'kalasi. Pali ntchito imene cholinga chake n'kubwezera mwanayo kusukulu ndi kubwezera gogoyo miyendo yake. Ndi ntchito yophunzitsa osaona kuyenda okha, imene pa Chingerezi amati orientation and mobility.

Woigwira sachiza maso. Za ng'ala n'za madokotala, monga a kuchipatala cha maso cha Lions ku Queen Elizabeth mu Blantyre. Iye amalowa pamene dokotala wanena kuti maso sabwereranso. Amayeza ndodo yoyera kuti ifike pachifuwa cha mwini wake, n'kumuphunzitsa kuigwedeza uku ndi uku molingana ndi mapewa: ndodo ikagunda kumanja, phazi lamanzere ndilo likuponda, choncho dzenje limadziwika phazi lisanagweremo. Amaphunzitsa kumva dzuwa patsaya n'kudziwa kum'mawa, kutsata phokoso la chigayo, kusiyanitsa mchenga ndi makande pansi pa phazi. Abale nawo amawalangiza kuti asamakoke munthu ngati mbuzi. Wosaonayo ndiye agwire mkono wa womutsogolera pamwamba pa chigongono, n'kutsalira pang'ono m'mbuyo.

Maphunziro ake ndi owawa. Wophunzira amamangidwa nsalu kumaso kwa maola ambiri, n'kuwoloka misewu ndi kukwera masitepe ali mu mdima womwewo umene adzaphunzitsemo ena. Luso la ndodo yaitali analikonza ndi Richard Hoover, pothandiza asilikali a ku America amene anachita khungu pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo mu 1960 Boston College inayamba kuliphunzitsa kwa anthu okhala kale ndi digiri. Ku Johannesburg, bungwe la South African Guide-Dogs Association lili ndi koleji yopereka dipuloma ya ntchito yomweyi. Kwathu kuno asenza ntchitoyi ndi aphunzitsi ochokera ku koleji ya Montfort ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu, pamodzi ndi alangizi a m'midzi a bungwe limene tinalizolowera ndi dzina loti MACOHA. Mphunzitsi mmodzi yemweyo amayenera kuphunzitsa zilembo za Braille, masamu, ndi kayendedwe. Nthawi ikachepa, chimene chimasiyidwa ndi kayendedwe, chifukwa sikabwera pa mayeso.

Koma kuno kuchigwa n'kumene luso limeneli likufunika kuposa kwina. Kafukufuku wa mu 1983, amene Dr Moses Chirambo anatengapo mbali, anachitikira m'chigwa chino chifukwa matenda a maso anali atazika mizu. Mu 2022 bungwe la WHO linalengeza kuti Malawi wagonjetsa trachoma, koma amene anachita kale khungu alipobe, ndipo sukulu ya osaona ya Lulwe m'boma la Nsanje ikulandirabe ana.

Vuto la kuno ku Chiromo n'loti nthaka yake siikhala malo amodzi. Mabuku a ntchitoyi analembedwa poganizira mizinda ya misewu yowongoka, kumene ngodya ya nyumba ya chaka chino ndi yomweyo ya chaka chamawa. Pano pamakumana mitsinje ya Ruo ndi Shire. Madzi anadula njanji ndi msewu wa ku Bangula mu 1997, ndipo anthu akhala akuwolokera pa bwato pa Mtayamoyo. Mu 2015 Ruo inasiya khwawa lake n'kudzitsegulira lina, kenaka anabwera namondwe Ana mu 2022 ndi namondwe Freddy mu 2023. Munthu woona akabwerera kumudzi madzi ataphwa amangodabwa kuti mtengo uja wapita. Wosaona, amene mtengowo ndiwo unkamuuza pokhotera kupita kumjigo, ndiye kuti watayika pakhomo pake pomwe. Kumsasa wa othawa madzi zimanyanya: zingwe za matenti paliponse, chimbudzi chili kutali, ndiye ena amadzimana madzi akumwa kuti asavutitse wowaperekeza usiku. Zimenezi zimandiwawa, chifukwa masiku ochepa okha a mlangizi wodziwa ntchito angathe kuzithetsa.

Katswiri wa kuno ayenera kudziwa kuphunzitsa munthu kukwera bwato, kuyenda m'mphepete mwa dimba, kumva kabaza amene amadza mwakachetechete, ndi kuyambiranso njira zonse mvula ikatha. Ayeneranso kulankhula Chisena ndi Chimang'anja, pakuti gogo sangapereke moyo wake m'manja mwa munthu amene sakumvana naye.

Pa 15 Okutobala timakumbukira ndodo yoyera, ndipo mabungwe amagawa ndodo. Ndodo yopanda woiphunzitsa imathera pakona ya nyumba. Boma, Malawi Union of the Blind ndi mayunivesite athu atsegule maphunziro ozama a ntchitoyi kwa aphunzitsi amene ali kale ndi madigiri, ndipo oyamba kumaliza atumizidwe ku Chiromo ndi ku Makhanga mvula isanayambe.