Kachasu wa ku Kentucky afika pa Mtengowanthenga

Botololo linayenda masiku awiri litakulungidwa m'bulangete, pakati pa nsapato za ana ndi nsalu za mayi. Linadutsa pa Beitbridge ndi pa Nyamapanda, linawoloka Zambezi pa Tete, n'kulowa m'dziko muno pa Dedza. Ku Lilongwe linakwera minibasi ya ku Mponela, ndipo atangopitirira Lumbadzi mwini wake anauza kondakitala kuti amutsitse pa Mtengowanthenga. Mnyamatayu wakhala zaka zinayi akupenta nyumba za eni ku Joni, ndipo sakanafika chimanjamanja pamaso pa atsibweni ake, amene anagulitsa mbuzi ziwiri kuti iye apeze pasipoti.

Pa botolopo panalembedwa kuti Jim Beam, Kentucky Straight Bourbon Whiskey.

Atsibweniwo, mlimi wa fodya wa bale amene lilime lake lakhala likuweruza mowa wa m'dera lino kuyambira nthawi ya Kamuzu, sanathamangire kumwa. Ananunkhiza kaye. Anathira pang'ono m'mbale yachitsulo n'kuyatsa machesi, kalawi kabuluu kanavina pang'ono n'kuzima. Anadonthezera makolo pansi, kenaka n'kulawa.

"Mphwanga," anatero atameza, "uyu ndi kachasu wovala suti."

Anthu anaseka, koma mkuluyo sanaphonye kwenikweni. Lamulo la ku America limati mowa ungatchedwe bourbon pokhapokha ngati chimanga chili chosachepera 51 peresenti ya mbewu zonse zolowa mumphika. Zotsalazo kawirikawiri zimakhala rye kapena tirigu, kuphatikizapo chimera cha barele, chimene ntchito yake ndi yomwe ija ya chimera cha mawere m'mowa wamasese: kutsekemeretsa phala kuti lithe kusasa. Likasasa amalitcheza, nthunzi n'kuzizira, n'kuyamba kudontha. Chotuluka pamenepo ndi choyera mbee, chaukali, chonunkha chimanga, ndipo munthu wa ku Dowa kapena ku Ntchisi atachiona sangafunse dzina lake.

Chimene chinayambitsa alimi a ku Kentucky kutcheza nachonso si chachilendo kuno. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1700 chimanga chinkabereka kwambiri kumeneko koma misewu yopita nacho kumsika kunalibe. Chimanga chimafumbwa, mowa wotcheza sufumbwa, ndipo hatchi imodzi imanyamula mowa wochokera m'matumba ambiri. Jacob Beam, kholo la banja limene dzina lake lili pa botololi, anagulitsa mgolo wake woyamba mu 1795. Boma la America litaika msonkho pa mowa wotcheza mu 1791, alimi a kumadzulo kwa Pennsylvania anagalukira mpaka George Washington anawatulutsira asilikali mu 1794. Kuno mayi amatcheza chifukwa gaga ndi shuga zimasanduka ndalama ya fizi ndi feteleza msanga kuposa thumba la chimanga lodikira venda. Ngakhale dzina lakuti kachasu ndi lobwera: linakwera ndi Zambezi kuchokera kwa Apwitikizi, amene mowa wotcheza wa nzimbe amautcha cachaça.

Wofuna kumvetsa chimene chili m'botolo la ku Kentucky ayambe wakhala pansi kuseri kwa nyumba ya mayi wotcheza, m'bandakucha, nkhuku zisanatsike. Gaga wakhala mumgolo ndi madzi ndi shuga kwa masiku angapo, mpaka thovu lasiya kulira. Tsopano ali mumkhate pamoto, pakamwa pake pomata bwinobwino kuti nthunzi isathawe. Paipi ikuchoka pamenepo, ikudutsa m'madzi ozizira, ndipo kumapeto kwake botolo likulandira dontho limodzilimodzi. Luso lonse lili pa moto. Ukachuluka, phala limasefukira mupaipi mowa n'kuda. Ukachepa, dzuwa limatuluka botolo lisanafike pakati. Madzi oziziritsira akafunda, mwana athamange ku mjigo. Mayiyo alibe chida choyezera kutentha, amangogwira paipi ndi kuseri kwa dzanja n'kusolola nkhuni imodzi.

Botolo loyamba kudzadza ndilo mutu, ndipo ndilo limene amuna amalifunsa asanapereke n'komwe moni wokwanira: "Mayi, mutu ulipo?" Apa m'pamene njira ya ku Dowa ndi ya ku Kentucky zimapatukana koyamba. Madontho oyambirira amatuluka ndi zinthu zimene zimawira msanga kuposa mowa weniweni, zija zonunkha ngati mankhwala ochotsera penti ya m'zikhadabo, zimene zimabaya m'mphuno ndi kuwonjezera matsire. Akatswiri a wisiki amazipatula, amapatulanso za kumapeto zonunkha chinyontho, n'kusunga za pakati zokha. Chimene kuno chili pa mtengo wapamwamba, kwawoko sichiloledwa kufika m'botolo chili chomwecho. Amagwiritsanso ntchito ziwiya za kopa, chitsulo chimene chimayamwa fungo lija langati dzira lowola, pamene paipi ya kumudzi imakhala ya chitsulo chilichonse chimene chapezeka.

Kupatukana kwachiwiri ndiye suti ija. Lamulo limati bourbon alowe mumgolo watsopano wa mtengo wa oak, wowauka ndi moto mkati mpaka kuchita makala. Asatchezedwe kupitirira 80 peresenti, asalowe mumgolo ali woposa 62.5 peresenti, asalowe m'botolo ali wochepera 40 peresenti, ndipo asathiridwe chosinthira mtundu kapena chokometsera. Mgolowo umalowa malita pafupifupi 200, ngati mgolo wachitsulo umene amayi kuno amaviikamo gaga. Mawu akuti straight amatanthauza kuti mowawo wagona mumtengo zaka zosachepera ziwiri. Jim Beam wa chikwangwani choyera amagona zinayi. M'chilimwe cha ku Kentucky mowa umalowa m'thabwa, m'chisanu umabwerera, ndipo ulendo uliwonse umabwera ndi mtundu wofiirira ndi kutsekemera kwa shuga wa mumtengo amene moto unamupsereza. Mowa wina umauluka chaka ndi chaka, eni ake n'kumati ndi gawo la angelo. Mgolo ukagwira ntchito kamodzi sungasungenso bourbon, choncho yambiri amaigulitsa ku Scotland kuti ikagonekere wisiki wa kumeneko. Ku Kentucky migolo yogona m'nyumba zosungira ndi yambiri kuposa anthu okhala m'chigawocho.

Mayi wa ku Dowa zaka zinayi angazitenge kuti? Wake watchezedwa Lachisanu, pofika Lamlungu madzulo watha, Lolemba ndalama ili kale kwa wogulitsa shuga.

Tsono botolo lija linazungulira pakhonde, ndipo aliyense anathira pang'ono m'tambula. Kulawa mowa wotere sikufuna kugugudiza ngati munthu wothawa ngongole. Umayamba ndi maso: mtundu wake ndi wa tiyi wopanda mkaka amene masamba ake anachepa, osati wakuda ngati wa migolo yokhalitsa. Kenaka mphuno, kukamwa kuli kotsegula pang'ono kuti ukali usabaye. Fungo loyamba ndi lotsekemera, la shuga wopserera pansi pa poto ndi la vanila uja wa m'makeke a paukwati. Kumbuyo kwake kuli fungo lina limene olemba za wisiki ku America amavutika kulifotokoza koma pakhondepo linadziwika nthawi yomweyo: mtedza wokazinga, makoko ake omwe. Mowa wa banja la Beam umadziwika ndi fungo limeneli, ndipo ambiri amati limachokera ku yisiti amene banjali lakhala likusunga kuyambira pamene lamulo loletsa mowa ku America, lomwe linayamba mu 1920, linatha mu 1933. M'boma lolima mtedza ngati Dowa, imeneyi sinali nkhani yofuna katswiri.

Pa lilime ndi wopepuka. Kutsekemera kwa chimanga kumabwera koyamba, kenaka katsabola pang'ono ka rye, kenaka kuwawa kwa thabwa. Ukameza umatenthetsa pakhosi mwaulemu, koma sukhalitsa. Ukawerenga mpaka khumi kukoma kwapita, kwatsala kutentha kokha. Madontho awiri atatu a madzi amatsegula fungo la vanila, koma ukawonjeza pang'ono mowawo umangosanduka madzi onunkhira. Apa m'pamene umaonekera kuti ndi wa mtengo wotsika kwawo. Mowa wogona mumgolo zaka zisanu ndi zitatu kapena kuposerapo umakhala wokhuthala, ndipo kukoma kwake kumatsalira mkamwa nthawi yaitali. Uyu anapangidwira kumwa tsiku wamba, ndipo amene amamusakaniza ndi Coca-Cola kapena jinja sanalakwire aliyense. Achinyamata pakhondepo anachita zomwezo, atsibweni akuwayang'ana ngati anthu othira madzi m'ndiwo za nkhuku.

M'maiko ambiri botolo limeneli limakhala la 40 peresenti, koma ogulidwa ku South Africa akhala akulembedwa 43, chifukwa kwa zaka zambiri lamulo la kumeneko silinkalola wisiki wochepera pamenepo. Mutu wabwino umaposa apa, n'chifukwa chake mkulu uja anadandaula kuti mlendoyu ndi wofatsa.

Mawu akuti wotsika mtengo akufunika kuwagwira mosamala. Ku America, Jim Beam ndi mowa wa munthu wolandira malipiro a pa sabata. Akafika m'mashopu akuluakulu a mu Lilongwe amakhala atakwera sitima, atalipira msonkho, atagulidwa ndi madola amene dziko lino likuwasowa, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 zinthu zotere zinathawiratu m'manja mwa anthu wamba. Mlimi amene wangobwera kumene ku okushoni ku Kanengo akafuna kudzipepesa amagula Malawi Gin kapena Premier Brandy, ndipo ndalama zikayamba kutha amabwerera ku velemoti ya kwa mayi uja. Palinso chodabwitsa china: bourbon ndi mowa umene Nyumba ya Malamulo ya ku America inaulengeza mu 1964 kuti ndi wa dziko lawo lokha, koma kampani ya Jim Beam inagulidwa ndi Suntory ya ku Japan mu 2014.

Nanga wogula botolo lotere amalipira chiyani kwenikweni, poti chimanga n'chomwechi? Mbali ina akulipira zaka zinayi ndi thabwa. Koma mbali yaikulu akulipira kuti adziwe chimene akumwa. America nayenso anadutsa m'nyengo imene amalonda ankathira fodya, ayodini ndi zina zotero m'mowa woyera kuti uoneke wokhalitsa. Otcheza oona mtima analimbana nazo mpaka mu 1897 kunabwera lamulo lotchedwa Bottled-in-Bond, lakuti mowa wokhala ndi chidindo cha boma ukhale wochokera pamalo amodzi, wa nyengo imodzi, wogona zaka zinayi m'nyumba yoyang'aniridwa ndi boma, ndiponso wa 50 peresenti ndendende.

Machesi a atsibweni aja amangouza munthu kuti mowa ndi waukali. Sanena ngati wina wathiramo methanol, mankhwala amene amayakanso bwinobwino koma amachititsa khungu ndi kupha, ndipo ngozi zambiri zazikulu za mowa wotcheza zimachokera ku zothirathira zoterezi kusiyana ndi mkhate weniweniwo. Mbewu nazonso zikhoza kupha. Mu Januwale 2015, anthu 75 anamwalira ku Chitima m'chigawo cha Tete atamwa mowa wamasese pamaliro. Poyamba anthu ankanena za ndulu ya ng'ona, koma ofufuza anapeza kuti ufa wa chimanga umene anafululira unali ndi poizoni wochokera ku tizilombo tomera mu ufa wonyowa. Kuno kwathu, boma litaletsa mowa wa m'masacheti, ludzu silinathe; linangosamukira m'timabotolo tapulasitiki ndi m'zigubu zopanda dzina.

Maiko ena anayesa kuveka mowa wa kumudzi suti yakeyake. Uganda inakhazikitsa lamulo mu 1965 lakuti otcheza enguli akhale ndi ziphaso n'kumagulitsa ku fakitale, kumene ankautchezanso n'kuutcha Uganda Waragi. Kenya inavomereza chang'aa mu 2010, pokhapokha atapangidwa ndi kuikidwa m'botolo motsatira malamulo. Zonsezi sizinathetse mowa wa kuseri kwa nyumba, koma zinavomereza chinthu chimene kuno timachinena monong'ona, kuti amayi amenewa ali ndi luso lenileni ndipo chimene akusowa ndi paipi yabwino, choyezera, ndi wina wowauza kuti madontho oyamba ataye.

Pofika madzulo botolo linali litatsika mpaka pansi pa chikwangwani. Chigamulo cha atsibweni sichinasinthe kwambiri: mowa waulemu, wonunkhira mtedza, wosabaya pakhosi, koma wosayenera mtengo wa mbuzi. Anafunsa ngati ku America chimanga chake n'choyera, atamva kuti n'chachikasu ngati chija chinabwera nthawi ya njala, anagwedeza mutu ngati munthu amene wapeza pamene panalakwika. Mnyamata wa ku Joni sanatsutse. Kumeneko iyenso sagula botolo lotere mwezi uliwonse.

M'mawa mwake mlongo wa atsibweniwo, mayi ake a mnyamatayo, anatola botolo lopanda kanthu, analitsuka ndi mchenga, n'kuliyanika chozondoka pa thandala. Galasi lake ndi lolimba ndipo chotsekera chake chimagwira bwino. Lachisanu lotsatira linali kumapeto kwa paipi kwa mnzawo wotcheza kutsidya kwa dambo, chikwangwani cha Kentucky chidakali pomwepo, likulandira mutu.